Loya wake ndi waluso, koma kalaliki wake anatsala pang'ono kundiphera mlandu

Ndalemba ndemangayi chifukwa anzanga awiri amene tinali nawo ku Moyale Barracks akhala akundifunsa ngati angapite ku ofesi ya maloya ya kuno ku Mzuzu imene inandigwirira mlandu wanga ndi nkhani zawo za chipukutamisozi, ndipo yankho langa ndi lalitali moti silingakwane pa foni.

Ndinagwira ntchito ya usilikali zaka 19. Ku Congo ndinapita ndi kubwerako wopanda ngakhale chipsera, koma mu Ogasiti 2021 lole imene tinakwera tili pa ntchito konkuno kumudzi inagubuduzika, ndipo kuchokera pamenepo ndimayenda ndi ndodo, m'chiuno muli chitsulo. Nditapuma pa ntchito pa chifukwa cha kulumalako, ndinaona kuti mapepala anga a penshoni ndi chipukutamisozi sanali kugwirizana ndi mmene thupi langa lilili, choncho mu Okutobala 2023 ndinapita ku ofesiyi ndi kulipira K150,000 yotsegulira fayilo. Tsiku loyambalo mayi loya anandipatsa pafupifupi ola lathunthu, ndipo anandifotokozera chinthu chimene anthu ambiri anandisocheretsa nacho, chakuti malamulo a apantchito wamba sakhudza msilikali, kotero kuti kupita ku khoti loona nkhani za pantchito kukanakhala kungotaya nthawi. Ndinawasiyira lipoti la madokotala, kalata yondipumitsa pa ntchito ndi zithunzi za X-ray, ndipo ndinatuluka mtima uli m'malo.

Mavuto anayamba pamene ndinasiyidwa m'manja mwa kalaliki amene amakhala pa tebulo la pakhomo. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinali kuchoka ku Chibavi pa kabaza, chifukwa mwendo sundilola kuyenda mtunda wotere, kenako kukwera masitepe a ofesiyo limodzilimodzi ndikupumira pakati, ndipo ulendo uliwonse yankho linali lomwelo: “Madala, a loya ali ku khoti, nkhani yanu ikuyenda, muzingodikira.” Kawiri konse anandiuza kuti ndisiye K20,000 yoti mapepala apitire ku Lilongwe, ndipo nditafunsa za lisiti anati buku la malisiti latha. Ine ndinazolowera kuti wamkulu akanena kuti dikira, umadikira osafunsa, ndipo ndikuvomereza kuti mwambo umenewu, umene unandithandiza pa ntchito, pano unandipweteka.

Tsiku lina mu Epulo 2024, kuli kamvula kamawawa kaja ka kuno ku Mzuzu, ndinafika nditanyowa ndipo ndinamuuza kalalikiyo kuti sindichoka mpaka ndione fayilo yanga ndi maso anga. Poyamba anaseka, kenako anati makiyi a kabati ali ndi munthu wina, kenako anayamba kulankhula pa foni ngati kuti ine palibe. Ndinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndodo ili pamiyendo. Mtsikana wina amene amaphunzira ntchito pamenepo ndiye anandimvera chisoni, ndipo anakaitulutsa fayiloyo m'katoni imene inali pansi pa tebulo, osati m'kabati monga kunanenedwera. Pachikuto pake panali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. M'kati mwake munali mapepala anga omwe aja, monga momwe ndinawasiyira, pamodzi ndi kalata yodziwitsa boma za mlandu wanga imene a loya analemba ndi kusayina mu Novembala, yopanda chidindo chilichonse chosonyeza kuti inafika kumene inayenera kupita. Ndinaiwerenga kawiri nditaimirira, ndipo manja anga anali kunjenjemera, osati chifukwa cha kuzizira.

Kuti mumvetse kukula kwa cholakwachi, dziwani kuti munthu sangasumire boma asanapereke kalata yodziwitsa mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo ndi kudikira miyezi itatu, komanso kuti mlandu wofuna chipukutamisozi pa kuvulala kwa thupi uyenera kuyambika zisanathe zaka zitatu. Zaka zanga zitatu zinali kutha mu Ogasiti. Ndikanapitiriza kumvera mawu akuti “muzingodikira” kwa milungu ina isanu ndi umodzi yokha, khomo limenelo likanatsekeka, ndipo kalalikiyo akanangonena kuti pepani.

A loya anafika nthawi ikupita ku 3 koloko atanyamula mkanjo wawo wa ku khoti, ndipo ndinawaimitsa pakhomo pomwepo. Ndinali nditakonzeka kuwauza kuti ndikupita kukadandaula ku Malawi Law Society, bungwe loyang'anira maloya, koma sanandipatse mpata wofika pamenepo. Atangoiona kalatayo nkhope yawo inasintha, anandilowetsa mu ofesi mwawo, anandikokera mpando iwo eni, ndi kunena kuti, “Bambo, cholakwachi ndi cha ofesi yanga, ndipo ndichikonza ndine.” Analemba kalata ina madzulo omwewo ine ndili pomwepo, ndipo pasanathe sabata anandiitana kuti ndikatenge fotokope yake yokhala ndi chidindo cha tsiku limene inalandiridwa. Anandibwezera K40,000 ija kuchokera m'chikwama chawo. Anaonanso kuti lipoti la madokotala limene ndinali nalo linalembedwa ndisanachitidwe opaleshoni yachiwiri, choncho ananditumiza kukapimidwanso kuti mlingo wa kulumala kwanga ulembedwe molingana ndi mmene ndilili tsopano, chinthu chimene ine pandekha sindikanachiganizira ngakhale pang'ono, chikhalirecho ndalama zonse zimawerengedwa kuchokera pa mlingo umenewo.

Kuyambira pamenepo amandiimbira okha foni pakakhala chatsopano, ndipo amafotokoza m'Chichewa chomveka popanda kundiopseza ndi Chingerezi cha m'mabuku awo. Nkhani ya penshoni inakonzedwa. Ya chipukutamisozi idakali m'khoti, ndipo pa kuchedwa kwake sindingawaimbe mlandu iwo. Mtengo wawo si wotsika, ndipo amene alibe ndalama zotere ayambe wafunsa ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama, imene ili ndi ofesi muno mu Mzuzu.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ngakhale kuti a loya paokha akanayenera zisanu. Kwa anzanga awiri aja, ndikuti pitani, koma musasiye pepala lililonse musanalijambulitse, musapereke ndalama popanda lisiti, ndipo kalata iliyonse imene akuti yatumizidwa muione chidindo chake. Kalaliki uja adakalipo pa tebulo lake lomwe lija. Masiku ano amanditchula kuti bwana ndipo amaimirira ndikalowa, koma mpaka lero sanandipepesepo, ndipo ine ndimangomudutsa ndi kukagogoda pa chitseko cha a loya.