Timu ya wrestling ya kusukulu ndaipatsa nyenyezi 4, yachisanu yadyedwa ndi sikelo

Sizoni yatha, zikwama zachapidwa, ndiye ndati ndilembeko mmene ndaionera timu ya wrestling ya pa high school yomwe mnyamata wanga walowa chaka chino kuno ku America, poti makolo anzanga angapo akhala akundifunsa ngati zili zoti mwana nkumulola. Muloleni alowe ndithu. Nyenyezi ndikupereka 4 mwa 5. Koma pali zinthu ziwiri zomwe simungangozisiya m'manja mwa akochi nkumagona tulo, khungu la mwana ndi sikelo, ndipo ndikhalitsa pamenepo chifukwa zinazi mukazidziwira konko muli pa benchi.

Agogo ake atamva anayamba kudandaula poganiza kuti ndi zija za pa TV zoswana ndi mipando. Ayi, zija ndi sewero. Kuno palibe nkhonya, palibe mateche, palibe kukanyanga pakhosi, ndipo ukamunyamula mnzako nkumumenyetsa pansi mwankhanza oyimbira amapereka pointi kwa iyeyo, akavulala osatha kupitiriza waluza ndiwe. Mtundu womwe amasewera m'masukulu umatchedwa folkstyle, ndi wosiyanako ndi freestyle komanso Greco-Roman za ku Olympics, ndipo malamulo ake amalemba ndi a NFHS, bungwe loona za masewera a m'ma high school ku America, kenako steti iliyonse imaonjezerapo tina take. Gemu imakhala ya zigawo 3 za mphindi 2 chilichonse. Mphindi 6 zimamveka ngati zamasewera koma mudzaone mwana akutsika pa mphasa paja, manja akunjenjemera mpaka kulephera kutsegula botolo la madzi.

Mapointi savuta. Kumugwetsa mnzako nkukhala pamwamba ukumulamulira ndi mapointi 3, izi zinayamba sizoni ya 2024-25, kale anali 2, ndiye musadabwe mukamva abambo ena achikulire akukuwabe kuti "two!" ana nkumawaseka. Kupulumuka uli pansi ndi pointi imodzi, kutembenuza zinthu iwe nkukhala pamwamba ndi 2, kumupendeketsa chagada mapewa atatsala pang'ono kugunda pansi ndi 2 mpaka 4 kutengera masekondi. Mapewa onse awiri akagona pa mphasa masekondi 2 ndiye pin imeneyo, gemu yathera pomwepo olo winayo amatsogola ndi mapointi 10. Wina akatsogola ndi 15 amaimitsanso.

Za zida sindikhalitsapo chifukwa masewerawa safuna katundu wambiri. Singileti, yunifolomu yosewerera, inachokera kusukulu, ndipo kwa ana amanyazi omwe safuna kachovala kothina kaja, kuyambira 2017 malamulo amalola kabudula ndi malaya ogwira thupi, funsani ngati timu yanu ili nazo. Nsapato tinagula ASICS Matflex, zomwe zili m'gulu la zotchipa, ndipo zagwira sizoni yonse bwinobwino, pansi pake sipaterera. Mwana wa zaka 14 phazi likukula mwezi ndi mwezi, musawononge ndalama pa nsapato zodula za akatswiri chaka choyamba. Zingwe zimayenera kumangidwa mwanjira yoti zisamasuke gemu ili mkati, ndipo nsapatozi ndi za pa mphasa basi, asapite nazo kutoileti kapena panja nkudzapondanso pomwe anzake akugunditsa nkhope. Wa mawaya m'mano akufunika choteteza mano, ndi lamulo. Zikhadabo aziwenga, amazichekinga.

Hedigiya, chovala choteteza makutu, yokha musaumire. Ife tinatenga Cliff Keen Signature, ya zingwe zinayi ija, dzinalo ndi la kochi wakale wa University of Michigan yemwe anaphunzitsa kumeneko kuyambira 1925 mpaka 1970. Mukaisetha bwino tsiku loyamba ndiye yakhala, siyendayenda. Chifukwa chake ndi ichi, khutu likamapekesedwa ndi mutu wa mnzake magazi amaunjikana pakati pa khungu ndi kafupa kofewa kaja, limatupa nkumawawa, ndipo ngati adokotala sanapope magaziwo msanga amauma khutu nkukhala lopindikapindika ngati kolifulawa moyo wake wonse. Pa gemu kuvala ndi lamulo ndiye palibe vuto, vuto lili pa tirenin'gi pomwe anyamata amaivula ati ikutentha, enanso amalifuna dala khutu lotero ati zimaonetsa kuti ndiwe dolo. Mukaona khutu latupa Lachiwiri musadikire Loweruka, pitani naye mawa lake.

Tsopano khungu. Abale, palibe anandiuza kuti ndidzakhala ndikuyang'ana kuseri kwa makutu a mnyamata wamkulu ndi tochi ya pafoni. Anawa amakhulana thupi ndi thupi maola awiri tsiku lililonse, thukuta lili chuchuchu, m'chipinda chotentha, ndiye tizilombo timangoyenda mwaufulu. Chofala kwambiri ndi chipere, kenako zilonda za impetigo zija zimachita nkhanambo yachikasu, kenako herpes ya pakhungu yomwe imatuluka timatuza m'magulu kumaso ndi m'khosi, ndipo iyi ikalowa m'thupi siichoka, imangobisala nkumabwerera. Palinso MRSA yomwe imayamba ngati kachithupsa kapena ngati walumidwa ndi kangaude koma mankhwala ambiri wamba saimva, iyo ndiye yosachedwa nayo olo pang'ono. Musaone ngati ndikukokomeza, mu 2007 steti ya Minnesota inaimitsa wrestling ya m'masukulu onse kwa masiku 8 chifukwa herpes inafalikira kuchokera pa mpikisano.

Mpikisano usanayambe amawaima pamzere nkuwayang'ana khungu mmodzimmodzi, ndipo wokhala ndi kachilonda kokayikitsa popanda fomu yosainidwa ndi adokotala sasewera, olo alire bwanji, olo mwayenda mtunda wautali bwanji. Kumata pulasitala sikuthandiza. Chipere cha pathupi chimafuna maola 72 mwana ali pa mankhwala, chikakhala cha m'mutu ndi masiku 14, ndiye mukuona kuti kuchipeza msanga ndi kumene kumapulumutsa sizoni. Fomuyo ipulinteni ikhale m'galimoto, madokotala ena saidziwa nkomwe.

Apa timu yathu ndikuyamikira kwambiri. Mphasa amakolopa ndi mankhwala tirenin'gi isanayambe, ndinadzionera ndekha tsiku lina nditafika msanga, ana awiri akukoka chokolopera kuchoka kumapeto mpaka kumapeto akochi ataima pakhomo kuletsa aliyense wa nsapato za panja. Koma mphasa yoyera siithandiza ngati mwana akufika kunyumba nkugwera pa sofa ndi zovala zomwezo. Kwathu lamulo ndi loti shawa kaye asanakhudze chakudya kapena foni, zovala zonse mu mashini tsiku lomwelo, thawulo lake yekha, lezala lake yekha, hedigiya ipukutidwe, chikwama chitsegulidwe chiume. Makolo ambiri pa timu amagula Defense Soap ya mafuta a tea tree, ifenso tili nayo ndipo ndilibe nayo dandaulo, koma kunena zoona chachikulu ndi kusamba msanga, sopo wina aliyense bola asambe. Ndipo sopo si mankhwala, kachizungulire kofiira kakaoneka ndi nkhani ya kuchipatala.

Sikelo ndiye pomwe nyenyezi ija yapita. Ana amasewera ndi anzawo olemera mofanana, m'masteti ambiri anyamata ali ndi magulu 14 kuyambira mapaundi 106 mpaka 285, ndipo ichi ndi chokoma cha masewerawa chifukwa kamwana kochepa komwe ku basketball sangakayang'ane nkomwe kuno kali ndi malo ake. Koma amapimidwa mpikisano uliwonse, ukapitirira olo ndi kachidutswa ka paundi sulowa gulu limenelo. Ndiye pamabwera maganizo oti ndikatsika gulu limodzi ndikakumana ndi ang'onoang'ono.

Malamulo alipo ndipo ndi abwino, anabwera zinthu zitavuta. Kumapeto kwa 1997 anyamata atatu a m'makoleji, ku North Carolina, Wisconsin ndi Michigan, anamwalira m'masabata ochepa chabe akuyesa kutsitsa thupi mwachangu, osamwa madzi, akuchita majowajowa m'malo otentha. Pano sizoni isanayambe mwana amayezedwa mkodzo kuona ngati ali ndi madzi okwanira m'thupi, nambala yake isapitirire 1.025, kenako amayeza mafuta a m'thupi nkuwerengera gulu lotsikitsitsa lomwe angafike, mnyamata asatsike pansi pa 7 peresenti ya mafuta, mtsikana 12. Kutsikanso kuli ndi liwiro lake, osapitirira 1.5 peresenti ya thupi pa sabata, ndiye kuti mwana wa mapaundi 140 ndi mapaundi 2 basi pa sabata. Zovala za pulasitiki zotulutsa thukuta, sauna, mapilisi okodzetsa, zonsezo nzoletsedwa.

Pa pepala zonsezi timu yathu inatsata. Chomwe sindinakonde nchoti pepala la zotsatira lija makolo sitinapatsidwe mpaka nditachita kulipempha, ndipo pa msonkhano wa makolo nkhani ya kadyedwe inangodutsidwa mphindi ziwiri pomwe ya ndalama za timu inatenga theka la ola. Pomwe akuluakulu akhala chete, amaphunzitsa ndi anyamata a chaka chomaliza. Lachisanu lina ndikupita ndi mnyamata wanga kusukulu ndinaona wakana chakudya cha m'mawa, wavala majuzi awiri, ali ndi kabotolo kopanda kanthu akulavuliramo malovu njira yonse, milomo ili gwa. Kumufunsa akuti wapitirira ndi paundi imodzi ndipo anzake amuuza kuti amatero onse. Akochi nditawauza sanakane, anamuitana nkumukweza gulu lapamwamba tsiku lomwelo, ndipo anayankhula ndi timu yonse, pamenepo ndiwapatse ulemu wawo. Koma zinayenera kuchokera kwa iwo poyamba, osati kudikira kholo lizione m'galimoto. Mwana wopanda madzi m'thupi mphamvu zimathera chigawo choyamba, mkalasi amangosinza, kunyumba ukali wosaneneka.

Ndiye pemphani pepalalo mulione ndi maso anu, mudziwe gulu lomwe mwana waloledwa, ndipo chaka choyamba asewere pa thupi lomwe ali nalo. Akukula uyu. Masteti ambiri amaonjezeranso mapaundi 2 pa gulu lililonse pakati pa sizoni chifukwa cha kukula komweko. Mukaona akubisa chakudya, akukwera sikelo kangapo pa tsiku, akupita kubafa atangodya, imeneyo yasiya kukhala nkhani ya masewera, lankhulani ndi adokotala, ndipo izi zimagwira anyamata ngati mmene zimagwirira atsikana.

Kuvulala kulipo, sindinama. Mphuno zimatuluka magazi pafupipafupi, amaimitsa gemu nkutseka ndi thonje, nkupukuta mphasa, nthawi yomwe amalola yoletsera magazi ndi mphindi 5 zonse pamodzi. Mapewa, mawondo ndi zala ndi zomwe zimavutika. Akagunda mutu nkumaoneka wozunguzika, mutu ukuwawa, kuwala kukumusowetsa mtendere, atuluke basi ndipo asabwerere mpaka wachipatala atamulola, masteti onse 50 ali ndi lamulo la zimenezi, linayambira ku Washington mu 2009. Funsani ngati pa tirenin'gi pamakhala wachipatala wa zamasewera, kwathu amakhalapo masiku ambiri ndipo zimandikhazika mtima pansi.

Loweruka lanu liiwaleni kuyambira Novembala mpaka February. Kupima kumachitika m'mamawa kunja kukadali mdima, kenako mumakhala mu jimu tsiku lonse pa mabenchi olimba, phokoso la mawezulo mbali zonse, kudikira mwana yemwe mwina asewera mphindi zosakwana 10 tsiku lonselo, mwinanso apinidwa m'masekondi 40 inu mukusakabe kamera pafoni. Tengani kapilo kokhalira, chaja, madzi ndi chakudya chopepuka choti adye akangotsika pa sikelo. Gemu za timu ziwiri zapakati pa sabata ndiye zokoma, mphasa imodzi, aliyense akuonera mwana mmodzi, pin imapatsa timu mapointi 6 pomwe kuwina wamba ndi 3, ndiye olo mwana akuluza anzake amamukuwira kuti angolimba asagone chagada.

Chaka choyamba aluza kwambiri, konzekani. Akukumana ndi ana omwe anayamba ali ndi zaka 6, ndipo palibe mnzake woti amuloze chala, ali yekha pakati pa bwalo, akatha agwirane chanza ndi yemwe wamugonjetsa oyimbira nkukweza dzanja la winayo anthu onse akuona. Ndaona anyamata a ndevu akulira kuseri kwa mabenchi. M'galimoto pobwerera musayambe ukochi, mufunseni ngati ali ndi njala. Malo mu timu yaikulu amalimbirana okhaokha pa tirenin'gi, wowina ndiye amasewera, wotsala amapita ku JV, timu yachiwiri, komwe amapezako anzake a msinkhu wake, ndipo ine izi ndinazikonda chifukwa palibe zoti mwana wa uje.

Amene muli ndi atsikana musawatsekereze. Masteti ambiri pano ali ndi mpikisano wa atsikana okhaokha, Helen Maroulis anatenga golide ku Rio mu 2016, ndipo mu January 2025 a NCAA, bungwe la masewera a m'makoleji, anavomereza wrestling ya amayi kukhala ndi mpikisano wake wa dziko lonse m'makoleji. Pa timu yathu mtsikana wina wochepa thupi ndiye ali ndi luso kuposa anyamata ambiri, wanga amachita kumufunsa mmene angapulumukire ali pansi.

Pano akochi ayamba kale kunena za kalabu ya freestyle ya miyezi ikubwerayi, yomwe imafuna khadi la umembala la bungwe la USA Wrestling ndi ndalama ina yapadera. Mnyamata akufuna, ine ndamuuza kuti tione kaye magiredi a teremu ino.