Kit yomangira ma fly a caddis: mikanda ili bho koma vayisi yandikhumudwitsa

Ndapereka nyenyezi 3 pa 5, ndipo zitatu zonsezo ndi za mikanda ya tungsten ndi mbedza basi. Vayisi payokha, kachida kopanira mbedza ukamamanga fly, sindingaipatse olo imodzi.

Kit imeneyi anandigulira msuweni wanga ku Johannesburg nkuitumiza pa basi, pano yatha miyezi isanu ndikuigwiritsa ntchito kunyumba kuno ku Katoto mu Mzuzu, ma fly ake (nyambo zochita kumanga pa mbedza zowedzera nsomba za trout) ndakawayesa kawiri ku Chelinda pa Nyika. Mkatimo muli vayisi, bobini yogwirira ulusi, kasizasi, ulusi wowonda wa 8/0 wakuda ndi wobiriwira, waya wa kopa, dubbing (ubweya wopangira thupi la fly), mbedza za saizi 12, 14 ndi 16 (nambala ikamakula mbedza imachepa), ndi timapaketi ta mikanda, ina ya brass ina ya tungsten.

Amene simunawedzepo trout mwina mukudabwa kuti mkanda ukufunanji pa mbedza. Tsiku lina mukafika pa mtsinje wa Chelinda mukatembenuze mwala umodzi wa m'madzi, pansi pake mukapeza tinyumba tating'ono ngati timachubu tomangidwa ndi mchenga ndi tizidutswa ta udzu, mukang'amba kamodzi mkati muli kamphutsi kobiriwirako kamutu wakuda. Ameneyo ndiye caddis, kachilombo kouluka, asanamere mapiko, ndipo trout nthawi zambiri amakatola pansi penipeni. Ndiye fly ikamangoyandama pamwamba ngati tsamba nthawi zambiri nsomba siyiitsata. Ntchito ya mkanda ndi kumiza, komanso umakhala ngati kamutu kaja.

Poyamba ndinkagwiritsa mikanda ya galasi yogula ku Taifa market, yokongola zedi koma yopepuka, ikangogunda mwala kamodzi yasweka. Tungsten ndi nkhani ina amwene. Imalemera kuposa kawiri brass ya saizi yomweyo, ine ndinayesa ndekha mu ndowa, fly ziwiri zofanana kuziponya limodzi, ya tungsten inali itafika kale pansi inzake ikadali pakati. Ku mtsinje ndi komwe ndinazionera bwino, pali malo ena madzi ake amathamanga ndipo amalekeza m'chiuno, ya brass inkangodutsa pamwamba nkumapita koma ya tungsten umachita kumva m'manja ikugunda miyala tho tho, kenako chingwe chaima nji, ukakweza ndodo wagwira. Mmawa umodzi ndinagwira ma trout a mtundu wa rainbow anayi pamalo omwewo, wina anadumpha katatu mzere wofiira wa m'nthitiwo ukunyezimira padzuwa, mpaka pano ndikakumbuka mtima umagunda.

Mbedza nazo nzakuthwa, palibe yomwe yawongoka kapena kuchita dzimbiri, chonsecho Mzuzu mukuidziwa chinyontho chake. Kungoti kuti mkanda ulowe bwino finyani kaye kaminga ka kumbuyo kwa nsonga ya mbedza ndi pulayazi, ndipo kabowo kakang'ono ka mkanda kaziyang'ana ku diso la mbedza, mukatembenuza mkanda umameza diso lonse ndiye chingwe mulowetsa pati. Kapepala kamalangizo kamene anaikamo sikanena zimenezi olo pang'ono.

Tsopano vayisi. Zandipweteka kwambiri chifukwa ndi chida chomwe chimagwira ntchito yonse. Sabata ziwiri zoyamba inali bwino, yachitatu milomo yake inayamba kuterera, ukamakoka ulusi kuti umange waya wa kopa mbedza imawerama pang'onopang'ono, ukamangitsa sikuluwu mbedza ya saizi 16 imathawa nkudumphira pansi. Usiku wina magetsi atazima ndinakhala ndikukwawa pa simenti ndi tochi ya foni kusaka mbedza chifukwa mwana wathu wamng'ono amayenda opanda nsapato m'nyumbamo, sindikanagona ndisanaipeze. Ndinawalembera ogulitsawo pa WhatsApp, anayankha kamodzi kuti tumizani chithunzi, ndinatumiza, mpaka lero zii. Mapeto ake ndinapita nayo kwa bambo wina wowotcherera ku Luwinga, anaipala milomo ija ndi tupa nkusintha sikuluwu, pano ikugwirako saizi 12 ndi 14 koma 16 ayi.

China chomwe sanaganize bwino, mkanda wawung'ono kwambiri mu kit yonse ndi wa 2.8mm. Pa saizi 14 uli bwinobwino, pa 12 ndimaika wa 3.3mm, koma pa 16 umatseka mpata wa pakati pa nsonga ndi thupi la mbedza, nsomba imaluma koma siyikodwa, ndinataya ziwiri motere pa damu pa Chelinda ndisanazindikire vuto. Anaikiramonji mbedza za 16 popanda mikanda yake? Penti ya mikanda yakuda nayo imasupuka ikagunda miyala, koma izi sizikundidandaulitsa, nsomba zikudyabe.

Nthenga sanaikemo zoti nkupangira timiyendo. Ine ndimagwiritsa za nkhanga zomwe amayi amandisungira kumudzi, sankhani zing'onozing'ono zamadontho osakula, kuzunguliza kamodzi kumbuyo kwa mkanda basi, zikachuluka fly imachedwa kumira. Ulusi wa 8/0 umaduka msanga ngati zala zanu zili zokhakhala, kokani mofatsa, ndipo pomaliza dontho limodzi la supaguluu pa mfundo musaiwale. Ulendo wa ku Chelinda si wapafupi, kudutsa Rumphi, Bolero, geti ya Thazima, msewu wafumbi maola ambiri kenako kulipira chilolezo chowedzera, ndiye fly nkukamasuka pa nsomba yoyamba m'kuzizira kwa mamita opitilira 2,000 kuja zala zitauma zosatheka nkumanga ina, zimawawa kwabasi.

Ngati mukuyamba kumene ndingakulangizeni kuti musagule kit yonse. Gulani mikanda ya tungsten ndi mbedza pazokha, ndalama yotsalayo muonjezere mugule vayisi yolimba. Ine ndamuuza kale msuweni uja kuti akamabwera mu December anditengere vayisi ina ndi mikanda ya 2.4mm ya mbedza za 16 zomwe zangokhala mu kabokosi zija.