Loko wa manambala pa nyumba ya alendo, patatha miyezi 14

Sabata yatha loko anakana kutseguka alendo ali panja usiku, ndiye ndati ndilembe momwe wakhalira chimuikireni pa nyumba yolandira alendo a Airbnb (tsamba la pa intaneti lopezerapo malo ogona) ku Area 47, ku Lilongwe. Ndi uja wa mabatani, wodya mabatire anayi a AA, wokhala ndi bowo la kiyi wamba kunsi kwake.

Zabwino zilipo. Mlendo aliyense amapatsidwa nambala yakeyake, yomwe imafa yokha nthawi yotuluka ikakwana. Nkhani yosowetsa makiyi kapena kukawadulitsa kumsika inatha. Wokonza m'nyumba ali ndi nambala yake, ndipo pafoni pamaoneka amene watsegula ndi nthawi yake. Magetsi akathima loko amagwirabe ntchito, kungoti simungatumize nambala yatsopano muli kutali, poti WiFi imakhala yazima.

Vuto ndi dzinja. Mvula ikayamba, chitseko cha matabwa chimamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo lilime la loko sililunjikanso pabowo la chitsulo cha pafelemu. Ndi kiyi wamba munthu amangokankha chitseko ndi phewa n'kukhoma. Kamota ka loko uyu kalibe mphamvu yotero. Kamalira, kamabwerera, kamayesanso, ndipo apa m'pamene mabatire amathera. M'chilimwe anakhala miyezi isanu. Mu Januwale ndi Febuluwale sankafika masabata atatu. Choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zina lilime limalowa theka lokha, mlendo n'kupita ku tauni akuganiza kuti wakhoma.

Kukonza kwake musayambire pa loko. Yambani mwamanga masikuluwu a mahinji, makamaka apamwamba, chifukwa chitseko cholendewera chimatsitsa lilime. Kenako pakani choko pa lilime, mutseke, muone pamene choko chatsalira pa chitsulo chija. Palani pamenepo ndi tupa, mamilimita awiri kapena atatu basi, ndipo bowo la m'felemu likhale lakuya kuti lilime lituluke lonse. Pomaliza pakani vanishi m'mphepete monse mwa chitseko, osaiwala kunsi ndi pamwamba, kumene akalipentala ambiri amasiya thabwa lili pamtunda. Mabatire gulani a alkaline, musinthe anayi onse pamodzi. Otchipa aja a wailesi amatha msanga, mwinanso kuchucha n'kudya tizitsulo ta m'kati. Kiyi wamba asakhale m'nyumbamo. Asunge munthu wodalirika wokhala pafupi.

Pa alendo ovuta loko amangothandiza pang'ono. Wolipira anthu awiri akhoza kutumiza nambala pa WhatsApp kwa anzake asanu, loko sangawerenge mitu. Chimene mungaone n'chakuti chitseko chatsegulidwa kambirimbiri usiku umodzi, ndipo umboni umenewo, pamodzi ndi mawu a mlonda, ndi womwe mumapita nawo kokadandaula. Wokana kutuluka nayenso sasunthidwa ndi nambala yakufa, chifukwa m'kati chogwirira chimatsegula nthawi zonse, ndipo n'koyenera kutero moto utabuka. Nambala musapereke ya chaka chobadwa kapena 1234, ndipo mabatani muziwapukuta, chifukwa zala zimasiya zizindikiro pa manambala ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Chondiwawa ndi wogulitsa. Pogula analonjeza chitsimikizo cha chaka chimodzi ndi mmisiri wodzaika. Mmisiriyo anaika osayang'ana felemu n'komwe. Vuto litayamba mwezi wachisanu ndi chinayi chimugulireni, yankho linali lakuti cholakwika ndi chitseko, ndipo kubweranso kwake n'kolipira. Kamota kakapsa alibe kena, akuti mugule loko wathunthu.

Mukadandifunsa mu Okutobala ndikadati gulani mosakayika. Lero ndikuti werengerani kaye mtengo wa loko, kalipentala ndi mabatire a dzinja lonse, muyerekeze ndi kusintha loko wamba kawiri kapena katatu pachaka. Ngati alendo amasinthana sabata iliyonse, ndalama imabwerera. Ngati amabwera mwa apo ndi apo, kabokosi kosungira kiyi kokhomera pakhoma n'kokwanira. Ndipo musalipire wogulitsa asanalembe pa lisiti kuti kuika ndi kulunjika chitseko zili pa iye.