CMake posankha maflag a linker: yoyenera kugwiritsa ntchito, koma misampha ilipo

Ma Makefile (mafayilo a malangizo omangira pulogalamu) ambiri amene olemba mapulogalamu amapatsirana kuno ku Harare amayamba ndi lamulo la `uname -s`, lofunsa dzina la sisitemu: yankho likakhala Linux, ikani maflag awa (mawu olamulira linker, chida cholumikiza zidutswa za khodi kukhala pulogalamu imodzi), likakhala Darwin (macOS), ikani awo. Njirayi imayenda bwino mpaka tsiku lomangira pulogalamu ya Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) muli pa MacBook. `uname` imatchula kompyuta imene mwakhalapo, pomwe pulogalamuyo ikagwira ntchito kwina, ndiye linker ya GNU imapatsidwa `-dead_strip` ya Apple n'kukana. Pa Windows nakonso MSYS2 (zida za Unix pa Windows) imayankha dzina lalitali loyamba ndi mawu ngati MINGW64_NT, limene silingafanane ndi mawu amene munalemba.

Apa ndi pamene CMake, pulogalamu ya kampani ya Kitware yokonza kamangidwe ka mapulogalamu, imaposa Makefile wolemba pamanja. Imasiyanitsa `CMAKE_HOST_SYSTEM_NAME`, kompyuta yomangirapo, ndi `CMAKE_SYSTEM_NAME`, kumene pulogalamu ikupita. Maflag a linker azitsatira yachiwiriyo nthawi zonse. CMake ndi yaulere, ndipo mukangoiika sifuna intaneti, nkhani yabwino kwa amene amawerengera data ya pafoni.

Chokoma kwambiri n'chakuti nthawi zambiri simufunikanso kufunsa dzina la sisitemu. M'malo molemba `-ldl`, lembani `CMAKE_DL_LIBS`, imene imakhala yopanda kanthu kumene laibulale imeneyo sifunika. M'malo mwa `-lpthread`, itanani `find_package` ya Threads, mulumikize `Threads::Threads`. Kuyambira glibc 2.34 (laibulale ya C ya pa Linux) ya mu 2021 malaibulale onse awiri analowa mu libc, choncho pulogalamu yoiwala maflag amenewa imamangika pa Ubuntu 22.04, n'kukalephera kumangika pa seva yakale ndi uthenga wa `undefined reference to dlopen`. Cholakwika chotere chimabisala miyezi.

Zina muyenera kusankhabe nokha, kudzera mu `target_link_options` imene inabwera ndi CMake 3.13. Pochotsa khodi yosagwira ntchito, linker ya GNU imafuna `--gc-sections`, ya Apple `-dead_strip`, ya Microsoft `/OPT:REF`. Ya GNU siichotsa zambiri ngati simunakompaile ndi `-ffunction-sections` ndi `-fdata-sections`. Lembani `LINKER:` kutsogolo kwa flag, CMake isankhe yokha pakati pa `-Wl,` ndi `-Xlinker`. Pa rpath (njira imene pulogalamu imafufuzamo malaibulale ikamayamba), Linux imamva `$ORIGIN` pomwe macOS imamva `@loader_path`. Masoketi a netiweki pa Windows amafuna `ws2_32`, ndipo `-lrt` pa macOS kulibiretu.

Koma mayina ena a CMake amasocheretsa. `UNIX` imavomera ngakhale pa macOS, kotero amene wayamba ndi UNIX n'kuika APPLE pambuyo, nthambi ya Apple siifikiridwa n'komwe. Yambani ndi APPLE. `WIN32` nayo imavomera pa MinGW (zida za GNU zomangira mapulogalamu a Windows), pomwe MinGW imagwiritsa ntchito linker ya GNU yosadziwa `/OPT:REF`. Pamenepo funsani `MSVC`, dzina la kompaila ya Microsoft. Dzina losavuta la `LINUX` linadzabwera mochedwa, mu 3.25, ndipo pa CMake yakale silidandaula, limangokhala chete ngati lakana.

Njira imene tikuiyamikira koposa ndi `check_linker_flag` ya mu 3.18. Imamanga kapulogalamu kakang'ono ndi flag yanuyo, n'kusunga yankho. Mukufunsa mwini wake, linker, m'malo moganizira potengera dzina la sisitemu, ndipo zimathandizanso wina akasintha kuchoka pa GNU ld kupita pa linker ina yotchedwa lld. Chenjezo lake ndi lakuti yankholo limakhala mu CMakeCache.txt, choncho mukasintha kompaila fufutani foda yonse ya build, apo ayi mudzathamangitsa vuto limene kulibe.

Ngati laputopu yanu ikadali pa Ubuntu 20.04, dziwani kuti imeneyo imabwera ndi CMake 3.16. Pamenepo `check_linker_flag` kulibe. Lamulo la `pip install cmake` limabweretsa yatsopano popanda kusintha sisitemu yonse. Ubuntu 22.04 ili ndi 3.22, yokwanira zonse tatchulazi kupatula `LINUX`.

Chilankhulo cha CMake n'chosakongola, ndipo maphunziro akale a pa intaneti amaunjikabe zonse mu `CMAKE_EXE_LINKER_FLAGS`, imene imakhudza pulogalamu iliyonse ya mu projekiti, ngakhale zoyesera. Pa projekiti ya mafayilo atatu yokhala pa Linux yokha, Makefile ndi wokwanira. Ikangofunika pa masisitemu awiri kapena pa Raspberry Pi, samukirani ku CMake, ndipo pamzere woyamba `cmake_minimum_required` ikhale 3.18.