Kuyezetsa kanyama ka m'kamwa ku labotale: zabwino zake ndi pomwe zimalakwika

Chilonda cha m'kamwa chikatha masabata awiri kapena atatu osapola, kapena pambali pa lilime pakaoneka banga loyera kapena lofiira losachoka mukalipukuta, kungoyang'ana sikukwanira. Pamafunika kudula kanyama (kachidutswa ka mnofu) pamalopo kuti akakaunike akatswiri oyeza matenda a m'kamwa ndi nsagwada, ndipo ntchito yawo ndi yodalirika. Pafupifupi makhansa 9 mwa 10 a m'kamwa ndi a mtundu wa squamous cell carcinoma, khansa yoyambira m'maselo okuta m'kati mwa kamwa, ndipo akamayamba amafanana ndi chilonda wamba.

Dokotala wa mano amadula kanyama ka mamilimita pafupifupi 5 m'mphepete mwa chilondacho, osati pakati pomwe mnofu unafa kale. Amakaviika nthawi yomweyo mu formalin (mankhwala oteteza mnofu kuti usaole) wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako. Ku labotale amakaumika mu sera, n'kukasenga tizidutswa topyapyala kwambiri, kutipaka utoto wa H&E wothandiza kuti maselo aoneke bwino, kenako katswiri amatiunika pa maikulosikopu. Za mnofu wofewa zotsatira zimatuluka m'masiku ochepa.

Zikalakwika, nthawi zambiri vuto limachitika kanyamako kasanafike ku labotale. Kanyama kofinyidwa ndi chopanira maselo ake amaphwanyika. Jakisoni wochititsa dzanzi akabayidwa m'chilonda mwenimweni amatupitsa mnofu, ndipo kudula ndi chipangizo chootcha kumapsereza m'mbali momwe katswiri amafuna kuona. Kanyama koviikidwa m'madzi wamba kamaola. Ndiye pali fomu yolembedwa mawu awiri okha, "chotupa m'kamwa", osanena malo ake, kukula kwake, nthawi yomwe chakhalapo, kaya wodwalayo amasuta kapena kumwa mowa. Apa katswiri amagwira ntchito mumdima. Pokayikira matenda a matuza monga pemphigus, kanyama kachiwiri kamapita mu mankhwala ena osungira mnofu otchedwa madzi a Michel, chifukwa formalin amaononga kuyeza kwa immunofluorescence, njira ya utoto wowala yozindikirira matendawa.

Chodandaulitsa ndi kuchedwa kwa zotsatira za fupa. Fupa silisengeka lisanafewetsedwe ndi mankhwala ochotsa kashiamu, ndipo izi zimatenga masiku angapo, mwina masabata. Kufulumizitsa ndi asidi wamphamvu kumaononga maselo, choncho kudikirako n'koyenera. Chofunika n'chakuti wodwala auzidwiretu. Chotupa cha m'nsagwada chizipita limodzi ndi chithunzi cha X-ray, pakuti kanyama kochepa ka ameloblastoma, mtundu wa chotupa chokonda nsagwada ya m'munsi, kangaoneke ngati chotupa chamadzi wamba, chonsecho maopaleshoni ake ndi osiyana kwambiri.

Lipoti likati palibe choopsa koma chilonda chikukulirabe, pemphani dokotala kuti adulenso kanyama kena pamalo ena.