Nyuzi za ndale: ZNBC kapena wailesi za kwathu kuno?

Pa msika wa Kapata ku Chipata, m'dziko la Zambia, amalume anga amatchera wailesi ya boma ya ZNBC Radio 1 pa kawailesi kawo ka mabatire, koma mayi ogulitsa tomato pafupi nawo sachoka pa Breeze FM, wailesi ya kwathu kuno. Amalume amati mayiwo ndi "a opozishoni", iwo n'kubweza kuti amalume ndi kada wa boma. Mainawa amandipweteka mtima, poti onse awiri alibe ngakhale khadi la chipani.

ZNBC ili ndi mphamvu yake. Imamveka m'zigawo zonse, ndipo Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri, Chinyanja chili momwemo. Koma dandaulo loti imakondera olamula ndi lakalekale. A chipani cha PF ankalira nalo chipani cholamula cha MMD chisanagwe mu 2011. Iwo atalowa m'boma, a chipani cha UPND analira chimodzimodzi mpaka 2021, ndipo lero olira ndi a PF aja. Wailesi ya anthu onse siyenera kumveka ngati ng'oma ya mwini mpando.

Breeze FM ndi Radio Maria zili pafupi nafe. Mlimi wa ku Chadiza amaimba foni n'kufunsa khansala za feteleza wochedwa, dera lonse likumva. Apa ndi pomwe ndimazikondera. Komabe wandale wandalama amatha kugula nthawi ya pulogalamu, choncho khutu lizikhala tcheru.

Ine za Nyumba ya Malamulo ndimamvera pa ZNBC. Za mtengo wa chimanga ndi msewu wa ku Vubwi ndimatchera za kwathu.