Paketi ya zida zosamalira mbira: chodulira zikhadabo ndi bho, shampu musatengeke naye

Ambiri kuno mbira timangoziponyera udzu ndi makoko a nthochi basi, zikachuluka ina n'kulowa mumphika, ndiye ndikudziwa kuti ena adabwa kuti munthu mpaka kugula zida zosamalira mbira. Koma amene mukuweta zapakhomo zoti ana azisewera nazo, makamaka zaubweya wautali zija, nkhaniyi ndi yanu. Paketi yomwe ndikunenayi ndinaipeza mu shopu ya zinthu za agalu ndi amphaka mu tauni, muli kachodulira zikhadabo kooneka ngati kasizasi, bulashi yofewa, bulashi ina yamawaya, chipeso chachitsulo ndi kabotolo ka shampu wa tinyama ting'onoting'ono. Mtengo wake ndi wokwererako ndithu, ndipo zinthu zenizeni zomwe ndalama yanu ikugula ndi ziwiri zokha.

Choyamba ndi chodulira zikhadabocho, ichi chokha ndingachigulenso mawa. Mbira ili ndi zala 4 kuphazi lililonse lakutsogolo ndi 3 kumbuyo, zikhadabo 14 zonse pamodzi, ndipo zimangokula osasiya. Makolo ake kumapiri a Andes ku South America uko ankayenda pamiyala ndi dothi louma zikhadabo n'kumaperepeseka zokha, koma yathu ya mukhola lautuchi kapena pa bulangete ilibe poperesera, ndiye zikhadabo zimapindika n'kuyamba kulowa kuphazi, mbira n'kumayenda mopendama, kenako mapazi amatupa n'kuchita zilonda. Kachodulira aka kali ndi kampata kozungulira pomwe chikhadabo chimalowa, sikaterereka, kamadula kamodzi n'kamodzi osaphwanya, kusiyana ndi neilikata yathu ya anthu ija yomwe imafinya kaye chikhadabo isanadule ndiye mbira imalira n'kuyamba kuphiriphitha. Zogwirira zake zili ndi labala, ngakhale manja atachita thukuta sikapulumuka.

Chofunika kusamala ndi kamtsempha ka magazi komwe kali mkati mwa chikhadabo. Pa zikhadabo zoyera kamaoneka kapinki, mumangodula kutsogolo kwake pang'ono. Pa zakuda sikaoneka, ndiye walitsani tochi ya foni kuseri kwa chikhadabo muona pomwe mdima wathera, kapena muzingodula kansonga kokha pafupipafupi. Kamodzi pa mwezi ndi zokwanira. Kakadulidwa magazi amatuluka ochititsa mantha ndithu koma musanjenjemere, tapani ufa woyera pang'ono mukanikize pansongapo, amasiya. Paketiyi ikanakhala ndi kaufa koletsa magazi kaja bwenzi ili yokwanira, koma mulibe, komanso mulibe kapepala kalikonse kofotokoza za kamtsemphaka, zomwe sizinandisangalatse chifukwa ogula ambiri ndi makolo ogulira ana ndipo mwana wa sitandade 5 sangazidziwe yekha zimenezi. Ntchitoyi muzigwira awiri, wina aikulunge m'kathaulo n'kuigwira pachifuwa msana wake utatsamira, wina azidula, kakaroti kapena tsamba la letesi kukamwa kuti iiwaleko.

Chachiwiri chabwino ndi chipeso. Mbira yaubweya waufupi safuna zambiri, bulashi yofewayo kamodzi pa sabata basi yatha. Koma zamtundu wa Peruvian zomwe ubweya wake umakwekwereka pansi, ngakhalenso Abyssinian zija zokhala ndi timizunguliro ngati tsitsi losapesa, ubweya umamangana makamaka kumbuyo komwe kumanyowa ndi mkodzo, ndipo mukazisiya ntchentche zimaikira mazira pomwepo, mphutsi n'kuyamba kudya khungu, nthawi yotentha ngati Okutobala izi zimachitika mwachangu kwambiri. Chipesochi mano ake ndi obulungira kunsonga, sichikanda, mbali ina mano otalikirana yomasulira mfundo, mbali ina othinana. Mfundo ikakana musakoke, ingodulani ndi sizasi mutaika zala zanu pakati pa khungu ndi sizasiyo.

Bulashi yamawaya ija ikani kutali, kaya mupatse mnzanu wa galu. Khungu la mbira ndi lopyapyala, mawayawo amakanda, sindikuona chifukwa choikira chinthu chotere m'paketi yolembedwa kuti ndi ya tinyama tating'ono.

Tsopano shampu. Payekha alibe vuto, fungo lake si lamphamvu, thovu lake ndi lochepa ndipo amatsukuluzika msanga, zomwe ndi zofunika chifukwa mbira imadzinyambita. Vuto langa ndi loti botolo likakhala m'nyumba anthu amayamba kusambitsa mbira Loweruka lililonse ngati mwana, pomwe mbira imadzisamalira yokha. Mukaiyang'anitsitsa muona timadzi toyera ngati mkaka tikutuluka m'maso, imatitenga ndi miyendo yakutsogolo n'kumapukuta kumaso, si matenda ayi, ndiye kusamba kwake kumeneko. Kuisambitsa kawirikawiri kumachotsa mafuta apakhungu, khungu n'kuuma n'kuyamba kuyabwa, komanso chibayo sichichedwa kuigwira ikazizidwa. Kawiri kapena katatu pa chaka ndi zokwanira, ndipo nthawi zambiri ndi kumbuyo kokha komwe kumafunika kutsuka.

Ikada zenizeni, ikani kathaulo pansi pa beseni kuti isaterereke, madzi ofunda pang'ono oti chigongono chanu sichikumva kutentha, akuya masentimita 2 kapena 3, ongofika m'mimba. Thirani ndi kapu kuyambira m'mapewa kupita kumbuyo, kumutu ayi, madzi asalowe m'makutu ndi m'mphuno. Beseni likhale pansi osati pa tebulo chifukwa ikadzidzimuka imadumpha ndipo msana wake suchedwa kuthyoka. Mukamaliza ipukuteni mpaka iume bwinobwino musanaibwezere mukhola, ndipo chonde mu Juni ndi Julayi, kapena tsiku la chiperoni kwa inu a ku Blantyre ndi Thyolo, ingodikirani, palibe changu. Musaiyanikenso padzuwa la masana kuti iume, kutentha kukadutsa madigiri 28 mbira imatha kukomoka n'kufa. Sopo wochapira, wa mbale, kapena shampu wa utitiri wa agalu musayerekeze.

Chinthu china chomwe shampuyu sakwanitsa ndi phula lija limatuluka kumapeto kwa msana pomwe pakanakhala mchira, makamaka kwa zamphongo. Limamata ubweya n'kumanunkha. Pakanipo mafuta a kokonati pang'ono, dikirani mphindi zingapo lifewe, pukutani kenako mutsuke ndi shampu, limachoka bwino.

Koma ichi ndiye ndikufuna mumve kwambiri. Mbira ikamadzikanda mpaka magazi, ubweya ukusosoka, ikulira mukaigwira, musaisambitse poganiza kuti ndi litsiro. Kawirikawiri ndi nthata zomwe zimaboola n'kukhala mkati mwa khungu, madzi ndi shampu sizifikako, zimangowonjezera ululu mpaka mbira ina imagwa ngati yakhunyu. Imeneyo ikufunika dokotala wa ziweto, amapereka mankhwala otchedwa ivermectin poyeza kulemera kwake, chifukwa kanyama ka pafupifupi kilogalamu imodzi simungangokapatsa mlingo wongoganizira. Mukaona kabwalo kopanda ubweya kokhala ndi nkhanambo kumaso kapena kumakutu mwina ndi chipere, ndipo chimenecho chimapatsira ana, asambe m'manja akaigwira. Mankhwala a anthu otsala m'nyumba monga amoxicillin musaipatse, a gulu la penisilini amaipha mbira.

Ngati shopu ikulola kugula chimodzichimodzi tengani chodulira ndi chipeso, bulashi yofewa ya tsitsi la khanda ya pamsika imagwira ntchito yomweyo. Ngati ndi paketi yonse basi, gulanibe, kabotolo ka shampuko kakukhalitsani kupitirira chaka.